Dzino loikirira silibooka, koma nkhama zake zimadwala

Achinyamata anzathu, ambiri a ife tikaona magazi potsuka mano timangoti mswachi ndiye wolimba. Kawirikawiri sizikhala choncho. Chimenecho ndi chiyambi cha chiseyeye, ndipo matendawa sasiya ngakhale munthu wa mano ochita kuikirira.

Tikunena mano amene madokotala amalowetsa kachitsulo ka titanium, konga sikuluwu, m'fupa la nsagwada, kenaka n'kumangirira dzino pamwamba pake. Munthu woyamba anamuika mano otere mu 1965 ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, ndipo anagwira ntchitoyo ndi Per-Ingvar Brånemark. Kachitsuloka sikabooka ayi. Koma tizilombo ta m'zotsalira za zakudya timaunjikana m'mphepete mwake monga timachitira pa dzino lobadwa nalo. Nkhama zimafiira, zimatupa, zimatuluka magazi. Zikadali pamenepa, dokotala wa mano akapala litsirolo, mwini wake n'kumatsuka bwino, zimapola.

Zikalekereredwa, matenda amatsikira ku fupa n'kuyamba kulidya. Choopsa chake n'chakuti nthawi zambiri sipapweteka. Dzinolo limaoneka lolimba mpaka fupa lambiri litatha, ndipo likayamba kugwedera ndiye kuti lafika pochotsedwa. Fupa lodyekalo silimereranso lokha.

Dokotala amayeza kuya kwa kampata ka pakati pa nkhama ndi dzino, n'kujambula X-ray kuti aone fupa lotsala. Amatsuka kachitsuloko, mwina n'kupereka mankhwala ochukucha m'kamwa a chlorhexidine kapena opha tizilombo monga metronidazole. Tisanamizane, mapiritsi paokha sachotsa litsiro lomatirira. Matenda akalowerera, amang'amba nkhama, kuchotsa mnofu wodwala, kuyeretsa chitsulocho, ndipo pena amaikapo fupa lina lodzazira podyekapo. Osuta fodya ndi odwala shuga amene sakumwa bwino mankhwala amachedwa kupola.

Nanga amene tili ndi kachilombo ka HIV? Chitetezo cha m'thupi chikatsika kwambiri, nkhama zimatha kuchita zilonda zopweteka ndi zonunkha zimene zimadya fupa mofulumira, ngakhale pa mano obadwa nawo. Bungwe la WHO limaika matenda amenewa pa siteji 3 ya HIV. Koma munthu amene akumwa ma ARV mwandondomeko, chitetezo chake chili bwino, angathe kuikidwa mano otere monga wina aliyense. Tikapita kwa dokotala wa mano, timuuze mankhwala onse amene tikumwa, ma ARV omwe, asanatilembere ena.