Malonda a pachifuwa: mpira wa ku Ulaya ndi thumba la msodzi wa ku Mangochi

Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, pakhomo pa nyumba zoonetsa mpira pa Makawa kapena ku Monkey Bay pamakhala patatsamira bolodi lolembedwa ndi choko. Pamenepo pali mayina a matimu a ku England ndi nthawi yoyambira masewero. Mkati muli mabenchi a matabwa, kutentha kosaneneka ndi fungo la usipa wochokera pathandala. Anyamata amene usiku wonse anali panyanja ndi chilimira amalipira pakhomo, n'kukhala phee kuyang'ana kanema. Wina wavala jezi yofiira ya kukaunjika yolembedwa Fly Emirates, pomwe ndege sanaikwerepo. Mnzake wavala ya Chevrolet, galimoto imene pamsewu wa ku Liwonde mungathe kudikira tsiku lonse osaiona. Onsewa akutsatsa malonda a anthu ena, ndipo palibe akuwalipira. Iwo ndiwo adachita kugula mwayiwo.

Ku Ulaya mwambo wolemba dzina la kampani pachifuwa cha osewera si wakale kwenikweni. Mu 1973 timu ya Eintracht Braunschweig ya ku Germany idaika pa jezi yake chizindikiro cha kachasu wa Jägermeister, ndipo akuluakulu a mpira kumeneko adayamba akana. Liverpool idalemba dzina la Hitachi mu 1979. Kuyambira pamenepo chifuwa cha wosewera chidasanduka chikwangwani. Komabe pali chimodzi chimene masapota a kumeneko amachigwiritsa ngati mwana: dzina la timu ndi mtundu wa malaya ake. Mwini wa Hull City atafuna kuti timuyo izitchedwa Hull Tigers, bungwe la FA lidakana mu 2014. Cardiff City itasintha malaya ake abuluu kukhala ofiira mu 2012, ochemerera adalusa mpaka buluu adabwerera mu 2015. Ku Austria, kampani ya Red Bull itagula timu ya mumzinda wa Salzburg mu 2005 n'kuchotsa mtundu wake wakale, masapota ena adatuluka n'kukayambitsa timu yawoyawo.

Kuno kwathu nkhani ndi ina. Timu imagulitsa dzina lenilenilo, ndipo palibe amadandaula. Mkulu wa zaka 60 wa kwa Mponda amene amachemerera Maule waiona timu yake ikutchedwa Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, kenako FCB Nyasa Big Bullets. Nsapato, mafuta a galimoto, mtsogoleri wa dziko, ndudu za fodya, banki: zonsezi zakhalapo kutsogolo kwa dzina limodzi. Nawo Manoma adakhalapo Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers, n'kudzafika pa Mighty Mukuru Wanderers mu 2022. Dzina lomalizali ku Mangochi silidafunike kulongosola. Banja lililonse limene lili ndi mwana ku Joni limadziwa Mukuru, chifukwa ndalama za malata ndi za fizi zimadzera kumeneko.

Wina angaseke kuti Amalawi alibe ulemu ndi matimu awo. Kunena choncho n'kulakwitsa. Timu ya ku England imadya ndalama za wailesi za kanema, za matikiti ndi za majezi ogulitsidwa dziko lonse lapansi, choncho ikhoza kukana kugulitsa dzina. Ya kuno ikasowa kampani yoithandiza, osewera amagona ndi njala, basi yopita ku Karonga osapezeka. Mu 2004 Bakili Bullets idafika mundime ya magulu ya mpikisano wa CAF Champions League, n'kumasewera ndi Enyimba ya ku Nigeria ndi Étoile du Sahel ya ku Tunisia. Thumba limene lidaifikitsa pamenepo litatsekedwa, timuyo idabwerera m'mavuto a ndalama. Matimu ena ngati Hardware Stars ndi MDC United adachita kuzimiririka makampani awo atafooka. Mpira wathu umapuma ndi mapapo obwereka.

Mipikisano nayo yakhala chimodzimodzi: TNM Super League, Airtel Top 8, FDH Bank Cup, Castel Challenge Cup. Akale amakumbukira Chibuku Cup ndi chikho cha 555, ndudu za kampani ya BAT. Apa m'pamene Mangochi imasiyana ndi Blantyre. Boma limeneli lili ndi Asilamu ambiri, ndipo chipembedzo chawo chimaletsa mowa ndi juga. Koma mnyamata wochokera kumadrasa amatha kuvala jezi yakale ya Liverpool yolembedwa Carlsberg, kampani imene idathandiza timuyo kuyambira 1992 mpaka 2010, osaonapo cholakwika. Kwa iye amenewo ndi malaya a Steven Gerrard basi. Mphamvu ya malonda a mumpira ndi imeneyo: amalowa m'nyumba zimene chikwangwani cha mowa sichingalowe.

Ku Spain zoterezi zidabutsapo mkangano. Mu 2006 Frédéric Kanouté, Msilamu wosewerera dziko la Mali, adakana kuonetsa dzina la kampani ya juga ya 888.com pa jezi yake ya Sevilla, ndipo adafika polimata. Nkhaniyo idathera pokambirana, komabe funso lidafunsidwa poyera. M'nyumba zoonetsa mpira za m'mbali mwa nyanja funso lotere silimveka kawirikawiri.

Juga ndiye wabwera ndi mphamvu kuposa mowa ndi fodya, chifukwa sasowa sitolo. Amayenda pafoni. Makampani ngati Premier Bet ndi betPawa amafika kulikonse kumene Airtel Money ndi Mpamba zafika, ndipo ndalama yoyambira ndi yochepa moti ngakhale wa kabaza amaipeza. Ntchito ya usodzi imathandizira vutoli mosadziwa. Msodzi amalandira ndalama tsiku lomwelo nsomba zikagulidwa, alibe tsiku la malipiro loti adikire, ndipo masana amakhala alibe chochita mpaka madzulo. Mwera ukawomba masiku angapo, mabwato osalowa m'madzi, foni ndiyo imasanduka ukonde. Mungomva m'nyumba ya mpira muja munthu akukuwa mokwiya chigoli chikalowa, chonsecho timu imene yagoletsedwa si yake. Waikapo ndalama. Kale mnyamata ankadziwa matimu anayi kapena asanu. Lero amatchula a ku Turkey ndi ku Belgium, osati chifukwa chowakonda, koma chifukwa ali patikiti. Akadyedwa, amene amamva kuwawa koyamba ndi mayi wa kunyumba amene amadikira ndalama ya ufa.

Maiko amene adayambitsa malondawa ayamba kubweza phazi. Italy idakhazikitsa lamulo loletsa kutsatsa juga mu 2018. Spain idachotsa mayina a makampani a juga pa majezi mu 2021. Mu Epulo 2023 matimu a Premier League adagwirizana kuti mpikisano wa 2025/26 ukatha, dzina la kampani ya juga lisadzaonekenso kutsogolo kwa jezi, ngakhale pamkono ndi pazikwangwani za m'mbali mwa bwalo adasiyapo mpata. Kum'mwera kwa Africa kuno mphepo ikuwombera kwina: ligi ya ku South Africa, imene anyamata a ku Mangochi amaitsatira kwambiri chifukwa cha achibale awo ndi osewera ngati Gabadinho Mhango, idayamba kutchedwa Betway Premiership mu 2024. Malawi ili ndi lamulo la 2022 ndi bungwe la MAGLA loyang'anira juga, ndipo mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Koma foni ya amalume sifunsa zaka.

Palinso otsatsa ena: andale. Chisankho chikamayandikira, m'midzi mumabuka zikho za aphungu ndi za ofuna uphungu. Majezi amabwera atalembedwa dzina la bwana kumsana, mipira iwiri, chikho chonyezimira, ndipo tsiku la fainolo zolankhula zimatalika kuposa mpirawo. Kunena chilungamo, matimu ambiri a kumudzi yunifomu yawo yoyamba adaiona mwa njira imeneyi, ndipo n'kovuta kuwauza kuti akane. Vuto n'lakuti mavoti akawerengedwa chikho chija chimathanso, bwalo n'kutsala ndi zigoli za nsungwi.

Ukaphatikiza zonsezi, ndalama zimayenda njira imodzi. Zimatuluka padoko kudzera pa DStv, pa mayunitsi, pa tikiti ya juga ndi pa belo la kaunjika, kupita ku Blantyre, ku Johannesburg ndi ku London. Zobwerera n'zochepa. Matimu akuluakulu amene makampani amawalimbirana ali m'mizinda, pomwe osewera aluso a m'mbali mwa nyanja amakulira pamchenga opanda nsapato. Timu ya dziko lino ya mpira wa pamchenga itapita ku mpikisano wa Africa ku Vilankulo, m'dziko la Mozambique, mu 2022, idaonetsa kuti lusolo lilipo. Makampani a mafoni, mabanki ndi a juga amene amatola ndalama za asodzi a ku Msaka, Malindi ndi Makanjira sabata iliyonse athandize ligi ya boma la Mangochi chaka ndi chaka, ndipo MAGLA ifike padoko, isamangothera m'maofesi a mumzinda.