Opaleshoni ya khansa ya pakhosi: wodwala ndi gadiyani auzidwe zonse

Dokotala akachotsa kholingo chifukwa cha khansa, wodwala amatsitsimuka alibe mawu, ndipo kuyambira pamenepo sapumiranso m'mphuno kapena m'kamwa. Amapumira pakabowo kamene kamatsala pakhosi moyo wake wonse. Opaleshoni ya lilime kapena nsagwada nayo imasintha kalankhulidwe, kamezedwe ngakhale maonekedwe a nkhope. Zinthu zotere munthu asamazidziwire pabedi atadzuka. Azimve nthawi ikadalipo, m'chilankhulo chake, ndipo pomuuzapo pakhale amene adzamusamalire.

Aliyense amene anagonekapo m'bale ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe akudziwa kuti anamwino ndi ochepa, ndipo amene amachezera ndi wodwala usiku ndi gadiyani. Iyeyu ndiye adzathire phala lamadzimadzi m'kachubu kodutsa m'mphuno pamene bala likupola, ndiye adzapukute makhololo otseka kabowo kopumira. Akabwerera kumudzi ayenera kudziwa kuti madzi akalowa pakabowopo amapita m'mapapo, choncho kusambira kwatha ndipo kusamba n'kosamala. Kuti utsi wa nkhuni ndi fumbi la m'chilimwe zimafuna kansalu kotchinga pakhosi. Kuti wodwala akabanika, kumuuzira mpweya m'kamwa n'kutaya nthawi. Palinso china chimene ambiri sachiganizira. Dokotala akati wodwala azilemba zofuna zake papepala, nanga amene sanapite kusukulu atani? Zizindikiro zamanja za ludzu, ululu ndi kubanika azigwirizaniretu mawu akadalipo.

Ena amati kuulula zonsezi n'kuopseza munthu, athawa chipatala n'kupita kwa sing'anga. Mantha amenewa ndi omveka, makamaka poti mbiri inawanda yakuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imalusa. Koma mbiriyi imachokera kwa odwala ofika mochedwa, matenda atafalikira kale, osati ku mpeniwo. Ndipo kubisa ndiko kumaidyetsa. Munthu amene anangouzidwa kuti akachotsa kachotupa, n'kubwera kumudzi wosalankhula, amasanduka umboni wakuti madokotala amanama, ndipo mnansi wake amene mawu asasa adzakhala pakhomo mpaka kupuma kutavuta. Wouzidwa zoona amamvanso mbali yabwino: bala likapola ambiri amadyanso nsima, ndipo ena amaphunzira kutulutsa mawu kudzera kum'mero kapena ndi kachipangizo kogunditsa pakhosi.

Ena amadandaula za nthawi, poti madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi m'Malawi muno ndi owerengeka. N'zoona, koma ntchito yophunzitsa angathe kugawana ndi namwino, komanso ndi munthu amene anachitidwapo opaleshoni yomweyo, amene kungomuona ali moyo kumaposa mawu a dokotala. Aitanidwenso malume kapena mwinimbumba, chifukwa m'mabanja ambiri iwo akakana, opaleshoni imavuta kuchitika ngakhale wodwala atasaina fomu yovomereza.

Inu amene mawu asasa kupitirira masabata atatu, kapena muli ndi chilonda cham'kamwa chosapola kapena chotupa pakhosi, makamaka ngati mumasuta fodya kapena kumwa kachasu, pitani kuchipatala ndi m'bale wanu, ndipo mukafunse mpaka mumvetse.