Kusunga Zotsatira za Lamulo mu Shell

Tiyerekeze kuti wophunzira wasonkhanitsa nthano 50 mu kompyuta ndipo akufuna kudziwa kuchuluka kwa mawu mu nthano iliyonse. Pa makompyuta a Unix ndi Linux, lamulo la wc -w limawerengera mawu. Vuto ndi loti yankho limangooneka pa sikirini basi. Kuti adzaligwiritse ntchito pambuyo pake, ayenera kulisunga mu variable, lomwe ndi dzina losungiramo zinthu. Amalemba motere:

mawu=$(wc -w < kalulu.txt)

Shell, pulogalamu yomwe imalandira malamulo athu, imayamba yachita lamulo lomwe lili m'kati mwa $( ). Kenako imatenga zomwe zikanaoneka pa sikirini n'kuziika mu mawu. Tikalemba echo "$mawu", nambala ija imatuluka. Pasakhale mpata kumanzere kwa chizindikiro cha =, chifukwa shell imayesa kuti mawu ndi lamulo, n'kudandaula kuti silikupezeka.

Shell ya Stephen Bourne, yomwe idatuluka mu 1979, inkatsekera lamulo pakati pa tizindikiro tiwiri topendekera, `chonchi`. Njirayi imagwirabe ntchito, koma ine sindiikonda. Kachizindikiroka kamafanana kwambiri ndi kamene timalemba mu ng'ombe ndi m'mudzi, moti diso lozolowera Chichewa limasokonezeka msanga. Kalembedwe ka $( ) kadabwera ndi KornShell ya David Korn, ndipo Bash nayo imakamva.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi potulutsa zomwe adasunga. Tinene kuti variable ya dzina yasunga nthano za ana.txt, dzina la fayilo imodzi lokhala ndi mipata iwiri. Tikalemba wc -w $dzina, shell imadula pa mpata uliwonse n'kupereka mayina atatu: nthano, za, ndi ana.txt. Ndi wc timangolandira madandaulo. Koma likakhala lamulo lofufuta la rm, ndipo pali fayilo ina yotchedwa nthano, imeneyo ndiyo imafufutika, popanda funso. Mankhwala ake ndi kutsekera variable m'zizindikiro za mawu ogwidwa: "$dzina".

Chinanso, $( ) satenga mauthenga odandaula. Ngati kalulu.txt palibe, dandaulo limapita pa sikirini, variable n'kutsala yopanda kanthu, koma pulogalamu imapitirira ndithu ku mzere wotsatira.