Malata Odontha Popanda Mvula

Miyezi ya June ndi July ikafika, anthu ambiri a m'boma la Rumphi amene anafolera nyumba zao ndi malata amadabwa kuona madzi akudontha m'nyumba mbandakucha, kumwamba kulibe ndi mtambo womwe. Ena amati mmisiri anakhoma molakwa. Koma kawirikawiri denga lotere silinabooke ai.

Madziwo ndi mame a m'nyumba momwemo. Mpweya wofunda umasenza nthunzi imene maso saiona, ndipo ukakhudza chinthu chozizira nthunziyo imasanduka madontho, monga zimachitikira kunsi kwa chivundikiro cha mphika. Nthunziyi imachokera ku mphika wowira, ku zovala zoyanikidwa m'nyumba, ku pansi ponyowa, ndiponso ku mpweya wa anthu. Anthu 6 ogona m'nyumba imodzi amatulutsa madzi pafupifupi malita 2 usiku umodzi.

Vutoli limakula kumalo okwera, monga ku Livingstonia, ku mapiri a Phoka ndi kufupi ndi Nyika, kumene malo ena apitirira mamita 2,000 ndipo chisanu chimagwa. Usiku wopanda mitambo malata amazizira msanga koposa khoma. Kunyanja, monga ku Mlowe, usiku sikuzizira chotero. Denga la udzu silichita zimenezi, pakuti silizizira msanga ndipo mpweya umapyola.

Denga lathyathyathya ndilo loipitsitsa. Pa denga lotsetsereka madontho amayenderera kunsi kwa lata kunka kukhoma, koma pa lathyathyathya amagwera pomwe apangikira. Tsono mitengo ya denga imaola, misomali imachita dzimbiri, mabuku a sukulu amaonongeka, chimanga ndi mtedza za m'matumba zimachita chuku chimene chili choopsa kudya, ndipo ana ogona m'chinyezi sachedwa kudwala chifuwa.

Kusiyanitsa nkosavuta. Denga lobooka limadontha pamalo amodzi nthawi ya mvula. Mame amaoneka pa malata onse m'mamawa, nauma dzuwa likakwera.

Mwini nyumba ayenera kuchita izi:

1. Asamate mpata wonse wa pakati pa khoma ndi malata. Asiye zibowo kumwamba kwa makoma awiri oyang'anana kuti mphepo ilowe uku nkutulukira uko. Kuikapo waya kumaletsa mileme ndi makoswe.

2. Aphikire m'khitchini ya padera, ndipo zovala aziyanike panja.

3. Aike siling'i ya bango, nsungwi kapena mphasa, nasiye mpata pakati pa siling'i ndi malata wodutsamo mphepo. Siling'i imasunga kufunda m'chipinda, koma pamwamba pake pakatsekedwa, mitengo imaolera kosaoneka.

4. Pomanga nyumba yatsopano, akweze khoma limodzi kapena mtanda wa pakati kuti denga litsetsereke bwino, monga phazi limodzi pa mapazi anai ali onse.

5. Atsegule mazenera m'mawa uli wonse, ndipo matumba a chakudya akhale pa thandala, osakhudza khoma.

Chenjezo lalikulu nali: munthu asayese kuumitsa nyumba poika mbaula ya makala m'chipinda chotseka usiku. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo, ndipo ogona sadzidzimuka.

Aphunzitsi angathe kusonyeza ana zonsezi mosavuta, pogwira mbale yozizira pamwamba pa madzi owira. Nyengo yabwino yoboola makoma ndi kukonza denga ndi mwezi wa May, mvula itatha, chisanu chisanafike.