Dizilo kapena petulo kwa woyenda mitunda italiitali?

Funso lafika ku danga lino kuchokera kwa bambo wina amene amayenda pakati pa Lilongwe ndi Karonga mlungu uliwonse: agule galimoto ya dizilo kapena ya petulo? Ambiri amathamangira kuyerekeza mtengo wa lita pa filing'i, koma nkhani yagona mu injini.

Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi mapulagi. Ya dizilo imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, monga momwe pampu ya njinga imatenthera m'manja munthu akamapopa, ndipo mafuta akangopoperedwamo amayaka okha. Njirayi, yomwe Rudolf Diesel anaitulukira m'zaka za m'ma 1890, siwononga mafuta ambiri. Lita ya dizilo ilinso ndi mphamvu zochuluka kuposa ya petulo. N'chifukwa chake Toyota Hilux ya dizilo imakwera chitunda cha Chiweta itasenza katundu popanda kuvutika.

Vuto limabwera injini ya dizilo ikawonongeka. Mainjekitala ndi pampu yake n'zodula zedi, ndipo sizipirira dizilo wa m'zigubu wosakanikirana ndi madzi kapena parafini. Galimoto za dizilo zatsopano zilinso ndi sefa yotchedwa DPF yogwira mwaye mu ekizozi. Sefayi imadziyeretsa yokha pa ulendo wautali injini ikatentha, koma kwa munthu wongochoka ku Area 25 kupita m'tauni, imatsekeka msanga.

Bamboyu asazengereze kugula ya dizilo, bola azithira mafuta pa filing'i ndi kusintha sefa ya mafuta nthawi yake ikakwana.