Kodi nambala ija munaisunga pati?

Ngati munagwirapo ntchito mu ofesi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mukukumbukira kabokosi kamene kankalira mokhetsa m'makutu kompyuta ikamalowa pa intaneti. Kameneko kanali modemu. Inkalumikiza kompyuta ku waya wa telefoni ya m'nyumba, n'kuimba nambala ya kampani ya intaneti monga mmene inu mumaimbira mnzanu.

Modemuyo inali ndi malo awiri okumbukiramo zinthu. Malo oyamba ankagwira zinthu pokhapokha ngati magetsi alipo. Munthu ankatha kuchepetsa phokoso lake, kapena kuiuza kuti telefoni izilira kangati isanayankhe, koma magetsi akangothima zonsezo zinkafufutika. Malo achiwiri, otchedwa NVRAM, sankaiwala. Vuto linali lakuti modemu siinkasamutsira zinthu kumeneko payokha. Mwini wake ankayenera kuilamula polemba AT&W pa kompyuta. Woiwala kulemba zimenezi, mawa lake ankayambiranso.

Malamulo oyamba ndi zilembo za AT amenewa anachokera ku kampani ya Hayes ya ku Atlanta, ku America, yomwe inatulutsa Smartmodem mu 1981. Posunga nambala ya telefoni, munthu ankalemba AT&Z0= n'kutsatiza nambalayo, ndipo poiimba ankangolemba ATDS=0. Modemu zambiri zinkasunga nambala zinayi zokha, choncho munthu ankasankha bwino.

Modemu zija zinapita, koma malamulo a AT akugwirabe ntchito m'kati mwa mafoni a m'manja. Nawonso amasiyanitsa malo osungiramo nambala: pa simu ndi m'foni momwe. Apa ndi pamene nkhaniyi ikukukhudzani, makamaka inu amene anthu a m'mudzi amakugogoderani usiku mayi woyembekezera akayamba kumva ululu kapena mwana akatentha thupi.

Nambala ya dalaivala wa ambulansi, ya alangizi a zaumoyo kapena ya wakabaza wodalirika ikakhala m'foni mokha, foniyo n'kugwera m'madzi, kuika simu m'foni ya aneba sikukuthandizani. Ikakhala pa simu mokha, simuyo n'kutayika, kampani ikhoza kukubwezerani nambala yanu pa simu yatsopano, koma mayina aja sabwerera. Ndipo nambala imene mwangoimbapo osaisunga ili ngati ya modemu yopanda AT&W: imangokhala pa mndandanda wa amene mwaimbira, kenako imakankhidwa ndi zina.

Choncho lero lomwe, tsegulani pamene pali mayina m'foni mwanu, muone kumene nambala zatsopano zimapita. Mafoni ambiri, ngakhale a mabatani, amalola kukopera mayina kuchoka m'foni kupita pa simu, ndipo simu zambiri zimanyamula nambala pafupifupi 250. Pa foni yamakono mukhozanso kusungira ku akaunti ya Google, bola musaiwale mawu achinsinsi. Samalaninso popereka foni kwa okonza: akaibwezera mmene inachokera kufakitale, zonse za m'foni zimachoka.

Nambala zinayi zofunika kwambiri zilembeninso ndi cholembera kuchikuto cha buku la kusikelo, kuti ngakhale agogo amene atsala ndi mwana azipeze batire itatha.