MANKHWALA ALI NDI MALAMULO AKE

Tsiku lina ndikuyendera zitsime ndi zimbudzi m'mudzi wina wa m'chigwa cha Henga, m'boma la Rumphi, ndinapeza mayi atatsomeka mapiritsi a LA patsindwi. Mwana wawo anapatsidwa mankhwalawo chifukwa cha malungo, koma atamwa tsiku limodzi thupi linazizira, nayamba kuseŵera. Mayiwo anati, "Bambo, otsalawa ndasungira mng'ono wake akadzadwala." Patapita masabata aŵiri mwana uja anagonekedwa m'chipatala, magazi atachepa.

Mayiwa amakonda ana awo. Chimene sanadziŵe ndi kayendedwe ka mankhwala m'thupi.

Piritsi likamezedwa limasungunuka m'mimba, ndipo mankhwala amaloŵa m'magazi kudzera m'matumbo. Magaziwo ndiwo amawafikitsa pamene pali tizirombo. Koma sakhalamo mpaka kalekale: chiŵindi chimawaphwanya, ndipo thupi limawataya mu mkodzo ndi m'chimbudzi. N'chifukwa chake timamwa mobwerezabwereza, monga m'mene timasonkhezera nkhuni pophika nyemba. Moto ukazima pakati, nyemba sizipsa.

Tsono pali mawu anayi amene aliyense wopita kuchipatala ayenera kuwamvetsa.

Oyamba ndi MLINGO, umene ambiri amautcha dozi. Mlingo wa LA umatsata kulemera kwa wodwala. Mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi 1 nthaŵi iliyonse. Wa 15 mpaka 24 amamwa 2. Wa 25 mpaka 34 amamwa 3. Ndipo munthu wa makilogalamu 35 kapena kuposerapo amamwa 4. Ichi ndicho chifukwa chake mwana amakwezedwa pasikelo. Mlingo wochepa supha tizirombo, wochuluka umasanduka poizoni.

Achiŵiri ndi NTHAŴI. LA amamwedwa maulendo 6 m'masiku 3. Ulendo wachiŵiri umadza patapita maola 8, kenaka m'maŵa ndi madzulo. Amaloŵa bwino m'magazi ngati wodwala wadya chakudya chamafuta, monga phala lansinjiro kapena mkaka. Khanda liyamwitsidwe.

Achitatu ndi ZOVUTA ZODZA NDI MANKHWALA. Akuluakulu akukumbuka kuyabwa kwa chloroquine. Mankhwala ena amadzetsa chizungulire kapena nseru. Zoterezi kaŵirikaŵiri zimatha zokha, choncho musaleke kumwa musanafunse achipatala. Koma mukaona zidzolo thupi lonse, kutupa nkhope kapena kubanika, thamangirani kuchipatala msanga.

Achinayi ndi KUPIMA KWA TIZIROMBO. Munthu akasiyira mankhwala panjira, tizirombo tofooka timafa koma tolimba timatsala ndi kuswana, ndipo udzudzu umatitengera kwa anthu ena. Dziko lathu linaziona kale zimenezi. Chloroquine atasiya kuchiza malungo, mu 1993 Malaŵi linakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya ndi kuyamba Fansidar, kapena kuti SP. Nayenso SP anafooka, ndipo mu 2007 boma linabweretsa LA. Lero SP amaperekedwa kwa amayi oyembekezera kusikelo pofuna kuwateteza. Tikaseŵera ndi LA, ana athu adzachira ndi chiyani?

Choncho, kaya mwalandira mankhwala ku Bolero, ku Mhuju, ku Livingstonia kapena pachipatala chachikulu cha Rumphi, musachoke pazenera musanafunse kuti: Ndimwe angati? Nthaŵi yanji? Masiku angati? Safunsa anadya phula. Malizani mankhwala onse ngakhale mwapeza bwino, ndipo musagaŵireko wina.